Ndalama za Thandizo Zopulumutsa Nsomba pa Chembe

Mudzi wa Chembe, umene alendo amautcha Cape Maclear, uli kunsonga kwa dziko la Mfumu Nankumba m'boma la Mangochi. Anthu ake ambiri amadalira nyanja. Usiku amuna amapita kukuya ndi nyali ndi chilimira, ndipo kukacha amai amawachingamira pa dooko ndi ndowa ndi mabeseni kuti agule usipa ndi utaka. Nchito ya msodzi imathera pomwepo, koma ya amai ndiye kuti yangoyamba, pakuti nsomba ikatuluka m'madzi siidikira munthu. Iyenera kuyanikidwa, kufutsidwa, kukazingidwa kapena kuwambidwa tsiku lomwelo.

M'chilimwe, pamene dzuwa likuswa mtengo, usipa suchedwa kuuma pa thandala. M'dzinja ndi nkhani ina. Mai amayala nsomba zake m'mawa kunja kuli ngwee, pofika masana mtambo wada, iye nayamba kuthamanga uku ndi uku kubvundikira. Ukagwa mvumbi wa masiku atatu nsombazo zimabvunda pa thandala pomwepo. Nchenche zimaikirapo mazira, ndipo mazira a nchenche sachedwa kuswa. Tsiku limodzi lokha mphutsi zatuluka. Nsomba zina amangotaya, zina amagulitsa motchipa kwa oweta nkhuku. Akatswiri amene anafufuza nkhaniyi amayerekeza kuti pa nsomba zitatu zirizonse zogwidwa m'Malawi, pafupifupi imodzi imaonongeka kapena kutsika mtengo isanafike m'mbale ya munthu. Tsono popeza usipa ndiwo woposa theka la nsomba zonse zimene zagwidwa m'dziko muno pa zaka zino, ndiponso ndiyo ndiwo ya osauka, kuonongeka kwake kumamveka mpaka kumidzi ya kumtunda kumene anthu sanaionepo nyanja.

Kaamba ka bvuto limeneli, maiko ena ndi mabungwe akhala akupereka ndalama zoti nsomba zisamaonongeke, ndi zoti pokonza nsombazo mitengo isathe, utsi usapweteke anthu. Anthu a m'midzi amamva kuti kwabwera pulojekiti, amaona galimoto ndi chikwangwani m'mbali mwa mseu, koma ambiri sadziwa kuti ndalamazo nzotani, zachokera kuti, ndipo zidzatha liti.

THANDIZO NDI NGONGOLE

Ndalama zochokera kunja ziri za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi ngongole, imene Boma liyenera kudzabweza pang'onopang'ono ndi ndalama za misonkho. Mtundu wachiwiri ndi thandizo losabweza, limene pa Chingerezi amati grant. Kawirikawiri mitundu iwiriyi imabwera pamodzi. Mwachitsanzo, m'chaka cha 2019 banki ya African Development Bank inabvomereza kupatsa Malawi pafupifupi madola 13 miliyoni a nchito za usodzi ndi ulimi wa nsomba. Gawo lalikulu linali ngongole, ndipo lotsalalo linali thandizo losabweza.

Koma munthu asaganize kuti thandizo losabweza ndi ndalama zogawana. Wopereka amanena nchito imene ndalamazo zidzagwire, amaika zaka zake, zitatu kapena zisanu, ndipo amafuna kuona malisiti a tambala iriyonse. Ndalama zomangira choyanikira nsomba sangagulire injini ya bwato, ngakhale injiniyo itafunika chotani. Zaka zija zikakwana, ndalama zimaleka, galimoto imabwerera, ndipo chimene chatsala m'mudzi chimakhala m'manja mwa eni mudzi.

Wina angafunse kuti, kodi anthu a ku Canada kapena ku Germany akhudzidwa bwanji ndi usipa wobvunda pa Chembe? Chifukwa chake nchakuti bvutoli nlapadziko lonse. M'chaka cha 2011 bungwe la FAO, limene limaona za chakudya ndi ulimi pansi pa United Nations, linaulutsa kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cha anthu padziko lapansi limaonongeka kapena kutayidwa, matani 1.3 biliyoni pachaka. M'chaka cha 2015 maiko onse a m'bungwe la United Nations, Malawi ali pomwepo, anapangana kuti pofika 2030 achepetse ndi theka chakudya chotayidwa m'masitolo ndi m'manyumba, achepetsenso chimene chimaonongeka chikachoka m'munda kapena m'madzi. Chakudya chikaola, sichipita chokha. Chimapita ndi mafuta a injini amene msodzi anathira, nkhuni zimene mai anasonkhera, ndi tulo timene onsewo anataya. Ndipo msodzi amene nsomba zake zaonongeka amabwerera kunyanja kukagwira zina kuti abweze ndalama yake, motero nyanja imaperekanso kachiwiri chimene inapereka kale.

NKHUNI ZA M'PHIRI

Pa Chembe pali chifukwa china chapadera. M'chaka cha 1980 Boma linakhazikitsa nkhalango ya Lake Malawi National Park, imene inatenga mapiri ozungulira mudziwu, zilumba za Domwe, Thumbi ndi Mumbo, ndi madzi a m'mphepete mwake kulekeza mamita 100 kuchokera kumtunda. M'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna ta m'miyala, timene mitundu yake yambiri siipezeka kwina kulikonse. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi ina inatsala mkati, yozingidwa ndi nkhalango yotetezedwa. Ndiye kuti pafupifupi chikuni chirichonse chimene chimayaka m'midziyi chimachokera m'phiri loletsedwa kapena chimagulidwa kutali.

Kwa nthawi yaitali anthu ankaloza chala amai otola nkhuni zophikira nsima kuti ndiwo akutha mitengo. Akatswiri awiri, Joanne Abbot ndi Katherine Homewood, anafufuza nkhaniyi m'midzi yomweyi nasindikiza zimene anapeza m'chaka cha 1999. Iwo anaona kuti amai amatola makamaka nthambi zouma ndi timitengo tating'ono, zimene nkhalango imatha kubwezera. Chimene chinali kugwetsa mitengo ikuluikulu chinali kuwamba nsomba zamalonda, pakuti wowamba amafuna zipika zazikulu zoyaka usiku wonse. Amai otola nkhuni aja anasenza mlandu wa eni ake zaka zambiri.

Utsi nawo uli ndi mlandu wake. Munthu amene amakhala pa ng'anjo yapoyera tsiku ndi tsiku amadwala maso ndi chifuwa, ndipo mwana amene ali kumbuyo amapuma utsi womwewo. Mwaye wakuda umene umamatirira pa kampango kapena mlamba wowambidwa pamoto waukulu uli ndi zinthu zina zimene madokotala anapeza kuti zingayambitse khansa munthu akamazidya kwa zaka zambiri. Palinso ena amene, poopa nchenche ndi tizirombo, amawaza pa nsomba zouma mankhwala osungira chimanga kapena ophera mbozi m'munda. Ameneyo ndi poizoni woikidwa m'ndiwo za anthu, ndipo wogula ku Limbe kapena ku Lilongwe alibe njira yodziwira.

TENTI YOUMITSIRA NSOMBA

Chimodzi mwa zinthu zimene ndalama za thandizo zinabweretsa ku madooko a kuno ndi tenti youmitsira nsomba ndi dzuwa. Mabungwe awiri a kafukufuku, IDRC la ku Canada ndi ACIAR la ku Australia, anasonkha ndalama m'thumba limodzi lochedwa Cultivate Africa's Future. Kuchokera m'thumba limenelo, kuyambira 2014 kufikira 2017, kunachitika nchito imene inadziwika ndi dzina lakuti Nsomba N'chuma. Anaigwira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College ku Zomba, akatswiri a Boma a kafukufuku wa nsomba a ku Monkey Bay, ndi bungwe la WorldFish. Anamanga matenti oyesera pa madooko ena a ku Salima ndi ku Mangochi, Chembe ndi Msaka ali m'gulumo.

Tentiyi siiri ngati ya asilikali ai. Ndi nyumba ya mitengo kapena matabwa, yokutidwa denga ndi zipupa zomwe ndi pepala la pulasitiki lochindikala, loonekera mkati, lopangidwa kuti lipirire dzuwa. Mkati mwake muli mathandala a ukonde. M'munsi mwa zipupa muli mazenera olowera mphepo, ndipo pamwamba pa denga pali ena otulukira. Onsewo ngotsekedwa ndi sefa kuti nchenche zisalowe. Mulibe makina, mulibe magetsi, simuyaka moto.

Kagwiridwe kake ka nchito nkosabvuta kumva, ndipo aphunzitsi angathe kukafotokozera ana a sukulu. Nsomba yaiwisi, magawo atatu mwa anai a kulemera kwake ndi madzi. Kuumitsa nsomba ndiko kutulutsa madziwo msanga, tizirombo toola tisanayambe nchito yake. Kuwala kwa dzuwa kumapyoza pepala lija ndi kutenthetsa za mkati, koma kutenthako sikutuluka msanga. Mpweya wotentha umatha kunyamula chinyezi chambiri kuposa wozizira, ndiponso umapepuka, kotero umakwera ndi chinyezi cha nsomba nutulukira pa mazenera a pamwamba. Ukamatuluka, umakoka mpweya wina watsopano kudzera m'mazenera a m'munsi. Choncho mphepo imayenda m'tentimo yokha, kuchokera pansi kunka kumwamba, tsiku lonse. Munthu amene atseka mazenera onse poganiza kuti mutenthe kwambiri walakwitsa, chifukwa chinyezi chikasowa potulukira nsomba zimangophikika nkuyamba kununkha. Chimodzimodzi amene aunjika nsomba mulu pa thandala: mphepo iyenera kukhudza nsomba iriyonse.

Phindu lake lalikulu limaoneka m'dzinja. Mvula ingagwe usiku kapena usana, mai sadzidzimuka. Fumbi, mchenga, nkhuku, amphaka ndi akhwangwala sizifika pa nsomba. Usipa wa m'tenti umatuluka woyera, wowongoka, wosaphwanyika mitu, ndipo umakhalitsa osachita nguwi. Usipa wotere ukaikidwa m'mapaketi ungathe kulowa m'masitolo akulu a m'tauni, kumene mtengo wake umaposa wa pamsika, malinga ngati a Malawi Bureau of Standards aona nabvomereza. Ndipo popeza sunaone moto, palibe mtengo wa m'phiri umene wagwa chifukwa cha iwo.

Pa nsomba zimene ziyenera moto, monga usipa wofutsa ndi wokazinga kapena nsomba zikuluzikulu zowamba, pali ng'anjo ya njerwa yochedwa Chitofu 3-in-1, imene bungwe la GIZ la ku Germany lathandiza kufalitsa m'mbali mwa nyanja. Dzinalo likunena nchito zake zitatu: kufutsa, kukazinga ndi kuwamba. Moto wake umayaka m'chipinda chotsekedwa, kotero kutentha sikumwazika ndi mphepo, nkhuni zimalowa zochepa kwambiri, ndipo zing'onozing'ono zomwe zimakwanira.

PAMENE PAGONA BVUTO

Zonsezi nzabwino, koma owerenga amene amayenda m'madooko adziwa kuti amai ambiri akali kuyanika pa mathandala apoyera monga kale. Chifukwa choyamba ndi mtengo. Tenti yaikulu imadya matabwa, pepala, sefa, misomali ndi mmisiri, ndipo mai amene mpamba wake ndi ndowa zisanu za usipa sangaikwanitse. Dr. Levison Chiwaula wa ku Chancellor College ndi anzake anafunsa okonza nsomba kuti angalipire zingati, nasindikiza mayankho ake m'chaka cha 2018. Ndalama zimene anthu anatchula zinali zochepa kutalitali poyerekeza ndi mtengo weniweni wa tenti, ndipo amai anatchula zochepa kuposa amuna, chifukwa chuma chiri m'manja mwao nchochepanso. Apa mpamene thandizo losabweza lipindulira: limalipira tenti yoyamba, imene palibe munthu wosauka akadayesa ndi ndalama zake asanaone ngati igwiradi nchito.

Chifukwa chachiwiri ndi pepala lija. Ngakhale lichindikale bwanji, dzuwa la kunyanja limalifooketsa, mwera umaliwomba, ana amalibaya ndi timitengo, ndipo pakapita zaka zowerengeka liyenera kusinthidwa. Pamenepo pulojekiti imakhala itatha. Tenti ikakhala ya gulu lopanda thumba la ndalama, aliyense amayang'ana mnzake, kachibowo kamasanduka chibowo, ndipo pomaliza pamatsala mitengo yokhayokha, mbuzi zikusewera m'kati. Mutu umodzi susenza denga, nzoona, koma denga la anthu makumi awiri limene palibe analiikira ndalama limagwa msanga kuposa la munthu mmodzi.

Ndipo pasakhale wodalira kuti kudzabwera ena kudzakonza. Bungwe la USAID la boma la America linalipira nchito zazikulu ziwiri za usodzi m'dziko muno, ina yochedwa FISH kuyambira 2014 kufikira 2019, ndi ina yochedwa REFRESH imene inatsatira m'chaka cha 2019. Koma m'chaka cha 2025 boma la America linatseka bungwe limenelo, ndipo nchito zambiri zimene linkalipira m'maiko osiyanasiyana zinaima mwadzidzidzi. Thandizo limadalira maganizo a anthu a kutali, amene ali ndi zisankho zao ndi mabvuto ao.

Chotero gulu lanzeru limayamba kusonkhera pepala lachiwiri tsiku lomwe tenti yatsegulidwa. Aliyense woyanikamo, membala kapena mlendo, alipire kanthu pa ndowa iriyonse, ndipo mlembi alembe m'buku pamaso pa mwini nsomba. Ndalamazo zisagone nthawi yaitali. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti m'Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti m'Novembala 2023, ndipo mitengo ya katundu m'masitolo inakwera pomwepo. Gulu limene linasunga makwacha m'kabokosi linadzuka litasauka. Nkwabwino kugula pepala ndi sefa ndalama zikangokwana, ndi kuzisunga pamthunzi, pamalo posafika makoswe.

KAPEMPHEDWE KAKE

Opereka thandizo sapatsa munthu mmodzi payekha kawirikawiri. Amafuna gulu lodziwika. Pa dooko, khomo loyamba ndi komiti ya Beach Village Committee, imene anthu amangoti BVC. Makomiti amenewa anayambira ku nyanja ya Malombe m'chaka cha 1993, ndipo lamulo la za nsomba la 1997 linatsegula njira yoti anthu a m'midzi azithandizana ndi Boma posamala nsomba. Pempho lichoke ku BVC kapena ku gulu la amai, lipite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kenaka ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, mpaka ku khonsolo ya boma la Mangochi. Njirayi njaitali ndipo imatopetsa, koma mabungwe akafika m'boma amayamba afunsa ku khonsolo kuti zosowa za anthu ziri pati, ndipo mudzi umene sunalembetse kanthu suoneka. Mlangizi wa za nsomba wa m'deralo ndiye woyenera kuyenda nalo gululo, pakuti iye amamva msanga za thandizo limene likubwera.

Gulu likhale ndi malamulo ake olembedwa, maina a mamembala, wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndiponso buku la ku banki. Amene afuna kugulitsa m'masitolo akulu achita bwino kulembetsa gulu lao ngati kopaletivi. Malo omangapo apemphedwe kwa nyakwawa pamaso pa mboni ndipo zilembedwe, kuti mawa wina asadzati tenti iri pabwalo la agogo ake. Malowo asakhale kunsi kwa mtengo, ndiponso asayandikire madzi. Anthu a ku Mangochi akukumbukira mmene nyanja inakwerera m'chaka cha 2024 ndi kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete. Opereka ambiri amafunanso kuti eni mudzi aikepo gawo lao, monga njerwa, mchenga ndi manja ao.

Chinthu chimene chimasowa m'mapempho ambiri ndi chiwerengero. Kulemba kuti "nsomba zathu zimaonongeka kwambiri" sikusuntha munthu wa mu ofesi, chifukwa midzi yonse imalemba chomwecho. Koma gulu limene lingaonetse buku lonena kuti m'Januwale linagula ndowa zakuti, zakuti zinabvunda, zakuti zinagulitsidwa theka la mtengo, ndipo nkhuni zinalowa mitolo yakuti, limamveka. Pano aphunzitsi angathandize koposa. Kope limodzi la masamu ndi mwana mmodzi wa Sitandade 7 wotumidwa madzulo alionse kwa amai ake ndi anansi ao, pakutha pa dzinja gulu liri ndi umboni umene palibe angautsutse. Buku lomwelo lidzaonetsanso, tenti itamangidwa, ngati yathandizadi kapena ai.

Pali anthu ena oyenda m'midzi nanena kuti atumidwa ndi bungwe lakutilakuti, ndipo kuti ofuna kulembedwa alipire kaye ndalama ya fomu. Thandizo loona silifuna kuti wolandira ayambe wagula malo pa mndandanda. Munthu wotere afunsidwe kalata yochokera ku khonsolo, ndipo akakanika kuionetsa, nkhani ipite kwa mfumu ndi kupolisi ya ku Monkey Bay.

Potsiriza, pepala lakale likachotsedwa pa tenti lisatayidwe pa mchenga kapena m'madzi, ndiponso lisatenthedwe pafupi ndi nsomba, chifukwa utsi wa pulasitiki ngwoipa kuposa wa nkhuni. Mbali zake zolimba zimathandiza kufolera pansi pa udzu wa denga, kuyala pansi pa matumba a usipa wouma, kapena kumata zibowo za pepala latsopano. Nthawi yabwino yoona zibowozo ndi kukonza sefa ndi m'Okutobala, mwera utaleka, mvula yoyamba isanagwe.